Mafunso ndi mayankho: kafukufuku wa Pulofesa Ruth Nussenzweig pa katemera wa malungo, ndi mmene ntchito yotere imayezedwera

Katemera wa malungo amene ana akulandira m'zipatala za ku Malawi kuyambira mu 2019 ali ndi mbiri yaitali, ndipo mukailondola chobwerera imakakufikitsani kwa mayi wina amene ankagwira ntchito ndi udzudzu ndi mbewa m'labotale ya ku New York. Mayiyo ndi Ruth Nussenzweig, katswiri wa za chitetezo cha m'thupi komanso wa za tizilombo tokhala m'matupi a anthu ndi nyama. Mafunso otsatirawa akukhudza zimene iwo adapeza, ndiponso nkhani imene imautsa mikangano m'mayunivesite ambiri, yoti kodi kulemera kwa ntchito ya wasayansi kungadziwike powerenga kuti anzake aitchula kangati m'zolemba zawo.

Kodi Ruth Nussenzweig anali ndani?

Adabadwira mumzinda wa Vienna ku Austria pa 20 Juni 1928 m'banja la a Sonntag. Makolo awo anali madokotala achiyuda, choncho dziko la Austria litagwa m'manja mwa chipani cha Nazi, banjali lidathawa n'kukafika ku Brazil mu 1939. A Ruth adakulira ku São Paulo ndipo adaphunzira udokotala pa yunivesite ya mumzindawo. Ndi komweko kumene adakumana ndi wophunzira mnzawo, Victor Nussenzweig, amene adadzakhala mwamuna wawo komanso mnzawo wa pa kafukufuku kwa zaka zoposa 60. Onse awiri adasulidwa ndi Pulofesa Samuel Pessoa, mphunzitsi amene ankalimbikira kuti dokotala wa ku Brazil ayenera kudziwa bwino matenda ozunza anthu osauka a kumidzi.

Atachita kafukufuku ku Paris kuyambira mu 1958 mpaka mu 1960, adapita ku New York University mu 1963 ali ndi maganizo odzabwerera kwawo. Adabwereradi, koma asilikali atalanda boma la Brazil mu 1964, anzawo angapo a pa yunivesite adachotsedwa ntchito powaganizira kuti ndi achikomyunizimu. Banjali lidaona kuti zinthu zaipa, lidabwerera ku New York, ndipo kuyambira mu 1965 a Ruth adakhazikika kumeneko, kumene pambuyo pake adatsogolera dipatimenti yoona za tizilomboti kwa zaka zambiri. Adamwalira pa 1 Epulo 2018 ali ndi zaka 89.

Kodi kafukufuku wawo adayambira pa malungo?

Ayi. Ali akadali ophunzira, iwo ndi a Victor adalimbana ndi matenda a Chagas, amene amapezeka ku South America ndipo amayamba ndi kachilombo kotchedwa Trypanosoma cruzi, m'bale wake wa kachilombo koyambitsa kaodzera kuno ku Africa. Matendawa amafala kudzera mwa tizilombo toyamwa magazi tobisala m'ming'alu ya zipupa za nyumba zadothi, koma masiku amenewo ankafalanso m'zipatala, wodwala akaikidwa magazi a munthu amene ali ndi kachilomboko mosadziwa. Atayesa mankhwala osiyanasiyana, adapeza kuti gentian violet, yemwe uja wofiirira amene ife timamutchula kuti GV ndipo timapaka pa zilonda za m'kamwa mwa ana, amapha kachilomboka akathiridwa pang'ono chabe m'magazi operekedwa n'kuwasunga mufiriji kwa maola 24. Magaziwo ankasintha mtundu, koma ankakhala otetezeka. Njirayi idagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri m'malo osungira magazi ku Brazil ndi m'maiko oyandikana nawo, mpaka pamene kuyeza magazi a opereka kudafalikira. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1953 m'Chipwitikizi, m'magazini ya zachipatala ya ku Rio de Janeiro, ndipo dzina limene lili pamenepo ndi R. Sonntag.

Nanga chimene adapeza mu 1967 n'chiyani kwenikweni?

Kuti chimveke, tiyambe taona ulendo wa kachilombo ka malungo m'thupi la munthu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, umasiya pakhungu tizilombo tochepa, kawirikawiri tosapitirira mazana owerengeka, timene pa msinkhu umenewu timatchedwa ma sporozoite. Tizilomboti timalowa m'mitsempha n'kuthamangira kuchiwindi. Kumeneko kachilombo kamodzi kamalowa m'selo limodzi, n'kuswana mwakachetechete kwa pafupifupi mlungu umodzi mpaka kukhala tizilombo masauzande makumimakumi. Nthawi yonseyi munthu samva chilichonse. Kutentha thupi, kuphwanya m'nkhongono ndi kuchepa kwa magazi zimayamba pokhapokha tizilomboto tatuluka m'chiwindi n'kuyamba kuphulitsa maselo ofiira a magazi. Choncho pali kanthawi kochepa, pakati pa kulumidwa ndi kutuluka m'chiwindi, pamene mdaniyo amakhala wowerengeka, ndipo amene angamugwire pamenepo wathetsa matenda asanayambe.

Pamenepa ndi pamene a Nussenzweig adaika maso. Mogwirizana ndi Jerome Vanderberg, katswiri wa za udzudzu, Harry Most, amene ankatsogolera dipatimenti, ndi Colin Orton, katswiri wa cheza cha X-ray, adagwiritsa ntchito kachilombo ka malungo a mbewa kotchedwa Plasmodium berghei. Ntchito yake inali yofuna kupirira: kudula udzudzu umodziumodzi pansi pa maikulosikopu, kuchotsa tiziwalo topanga malovu momwe ma sporozoite amasonkhana, kuwaomba ndi X-ray, kenako kuwabaya mumtsempha wa mbewa. Patapita masiku, mbewa zomwezo zinkabayidwa ma sporozoite amphamvu. Zambiri mwa mbewa zimene zidalandira tizilombo tofooketsedwa sizidadwale, pamene zinzake zosatetezedwa zinkadwala n'kufa. Pepala lofotokoza zimenezi lidatuluka m'magazini ya Nature mu Okutobala 1967, ndipo ndi la masamba atatu okha.

Kafukufuku wotsatira adaonetsa mfundo ziwiri zimene zikutsogolerabe ntchitoyi mpaka lero. Yoyamba ndi yoti tizilomboto tiyenera kufooketsedwa, osati kuphedwa, chifukwa chitetezo champhamvu chimabwera pamene kachilombo kali ndi moyo wokwanira kulowa m'selo la chiwindi koma kakulephera kuswana. Yachiwiri ndi yoti chitetezocho chimagwira pa msinkhu umodzi wokha wa kachilomboko: mbewa yomwe yakana ma sporozoite imadwalabe ikabayidwa magazi okhala ndi tizilombo tomwe tadutsa kale m'chiwindi. Mfundo yachiwiriyi ndiyo imafotokoza chifukwa chake mwana wolandira katemera wa masiku ano angathe kudwala malungo enieni ngati kachilombo kamodzi kokha kapulumuka n'kumaliza ulendo wake m'chiwindi.

Kodi anali oyamba kuganiza zimenezi?

Sanali oyamba, ngakhale nkhani za m'manyuzipepala zimakonda kunena choncho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ofufuza amene ankagwira ntchito ku India, H. W. Mulligan, Paul Russell ndi B. N. Mohan, adateteza nkhuku ku malungo a mbalame pogwiritsa ntchito ma sporozoite oombedwa ndi cheza cha ultraviolet. Ntchitoyo idaiwalika msanga, chifukwa nkhondo yachiwiri itatha dziko lidaika chikhulupiriro chonse pa mankhwala opopera a DDT ndi chloroquine, ndipo mu 1955 bungwe la WHO lidayamba ndondomeko yofuna kuthetseratu malungo ndi zida ziwirizi. Akatswiri ambiri ankati katemera n'zosatheka, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka: munthu wokhala kudera la malungo amalumidwa chaka ndi chaka koma chitetezo chake chimabwera pang'onopang'ono, ndipo sichikhala chathunthu. Pepala la 1967 lidatuluka udzudzu ndi tizilombo zitayamba kale kupima mankhwalawo, zaka ziwiri ndondomeko ya WHO ija isanasiyidwe mu 1969, ndipo lidaonetsa kuti nyama yoyamwitsa ingathe kupatsidwa chitetezo choposa chimene chilengedwe chimapereka.

Pali munthu winanso woyenera kutchulidwa, Meir Yoeli, wa pa yunivesite yomweyo. Kachilombo ka Plasmodium berghei kadapezeka mu 1948 m'makoswe a m'nkhalango za ku Katanga m'dziko la Congo, koma kwa zaka zambiri kankakana kukula bwino mu udzudzu wa m'labotale. A Yoeli adazindikira kuti kwawo kwa kachilomboka n'kozizira, ndipo atatsitsa kutentha kwa chipinda cha udzudzu kufika pa madigiri pafupifupi 20, ma sporozoite adayamba kupezeka ochuluka. Popanda zimenezi, a Nussenzweig sakadakhala ndi tizilombo toti aombe ndi X-ray.

Ngati njirayi idagwira, n'chifukwa chiyani sidasanduke katemera nthawi yomweyo?

Idagwira ngakhale pa anthu. Mu 1973, David Clyde ndi anzake a ku University of Maryland adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene udzudzu wonyamula malungo unkaombedwa ndi cheza uli wamoyo, kenako n'kuloledwa kuluma anthu odzipereka. Ambiri mwa anthuwo anali akaidi, chinthu chimene malamulo a kafukufuku a masiku ano sangachilole mosavuta. Zotsatira za zaka zambiri zitasonkhanitsidwa mu 2002, zidaonetsa kuti anthu oposa 90 pa 100 alionse amene adalumidwa koposa ka 1,000 ndi udzudzu wotere adatetezedwa. Vuto lili poyera: palibe chipatala chimene chingakhazike mwana pansi kuti alumidwe ndi udzudzu chikwi, ndipo ma sporozoite sankatheka kuwetedwa kunja kwa udzudzu. Kampani ya Sanaria, imene Stephen Hoffman adayambitsa mu 2003, idapitiriza njira yomweyi poweta udzudzu mwaukhondo, kuudula pamanja ndi kuumitsa tizilomboto m'chisanu choopsa, koma katemera wake amabayidwa mumtsempha ndipo akadali pa kafukufuku.

Kodi puloteni ya CSP n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani imatchulidwa kwambiri?

Popeza kachilombo kathunthu kanali kovuta kugwiritsa ntchito, funso lidakhala loti ndi mbali iti ya kachilomboko imene thupi limaizindikira. Mu 1969, a Vanderberg, a Nussenzweig ndi a Most adaona kuti ma sporozoite akaikidwa m'madzi a magazi a mbewa yotetezedwa, amavula chikuto chawo, chomwe chimaoneka chikulendewera kumbuyo. Chimene chidapanga chikutocho sichidadziwike mpaka patabwera luso latsopano lopangira ma antibody a mtundu umodzi, limene Georges Köhler ndi César Milstein adatulukira ku Cambridge mu 1975. Ma antibody ndi mapuloteni amene thupi limapanga kuti amate mdani wina wake.

Apa ndi pamene a Victor, amene nthawi yonseyi ankafufuza mbali zina za chitetezo cha m'thupi, adalowa mokwanira m'ntchito ya akazi awo. Mu 1980 gulu lawo lidafotokoza m'magazini ya Science, m'pepala limene dzina loyamba ndi la Nobuko Yoshida, kuti puloteni imodzi ndiyo imakuta thupi lonse la sporozoite, ndipo m'chaka chomwecho lidaonetsa kuti antibody yomata puloteniyo imateteza mbewa payokha. Puloteniyo ndiyo circumsporozoite protein, mwachidule CSP. Mu 1983 adapeza chidutswa cha DNA chokhala ndi malangizo opangira CSP ya malungo a anyani, ndipo mu 1984 magulu awiri, la ku New York ndi lina la asayansi a boma ndi a asilikali a America, adachita chimodzimodzi pa Plasmodium falciparum, kachilombo kamene kamapha anthu ambiri mu Africa. Adapeza kuti pakati pa puloteniyo pali kachigawo kakafupi kobwerezedwa pafupifupi ka 40, ndipo ndi pamenepo pamene ma antibody ambiri amamata. Mu 1987 zidadziwikanso kuti ma antibody okha sakwanira kufotokoza chitetezo cha mbewa zija, pakufunikanso asilikali a m'thupi otchedwa CD8, abale awo a CD4 amene ambirife tidawadziwira pa nkhani ya HIV, omwe amasaka ndi kuwononga maselo a chiwindi obisa kachilombo.

Ndiye kodi ndi iwo adapanga RTS,S, katemera uja adayamba kuperekedwa kwa ana ku Malawi mu 2019?

Si iwo amene adapanga, ndipo pakati pa CSP ndi katemera padali zokhumudwitsa zambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 padabuka kusamvana pa umwini wa zotulukirazo: kampani ya Genentech inkafuna chilolezo choti ikhale yokha yopanga katemera, bungwe la WHO, limene lidathandiza ndi ndalama za kafukufuku, lidakana, ndipo kampaniyo idachoka mu 1983. Chaka chotsatira akuluakulu a USAID adalengeza kuti katemera apezeka m'zaka zisanu. Mu 1987 akatemera awiri oyamba opangidwa kuchokera ku kachigawo kobwerezedwa kaja adayesedwa pa anthu, mmodzi wochokera ku maganizo a gulu la ku New York, wina wa asilikali a America, ndipo pa gulu lililonse laling'ono la odzipereka munthu mmodzi yekha ndiye adatetezedwa.

Amene adapeza njira anali asayansi a kampani imene lero imatchedwa GSK, motsogozedwa ndi Joe Cohen, pamodzi ndi a ku Walter Reed Army Institute of Research. Iwo adalumikiza chidutswa cha CSP ku puloteni ya kachilombo ka hepatitis B, imene payokha imadziunjika m'timibulu tomwe thupi limationa msanga, kenako adaonjezera mankhwala odzutsa chitetezo. Mu 1997 anthu 6 mwa 7 amene adalandira mtundu wabwino kwambiri wa katemerayu adatetezedwa. Padatsatira kafukufuku wa ku Gambia, wa ana a ku Manhiça m'dziko la Mozambique amene adasindikizidwa mu 2004, kenako kafukufuku wamkulu wa 2009 mpaka 2014 m'malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Lilongwe, amene adakhudza ana oposa 15,000. Mwa ana amene adayamba kulandira ali ndi miyezi 5 mpaka 17 ndipo adamaliza maulendo onse anayi, malungo adachepa ndi pafupifupi 36 pa 100 alionse m'zaka zinayi.

Pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka katemerayu kudzera m'ndondomeko ya katemera wa ana, m'maboma 11, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Ghana ndi Kenya adatsatira m'chaka chomwecho. Bungwe la WHO lidavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, patatha zaka 54 chitulukireni pepala la mbewa lija, ndipo kuunika kwa m'maiko atatuwa kudaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 pa 100 zilizonse.

Kodi mawu oti ntchito ya wasayansi yatchulidwa kangati amatanthauza chiyani?

Pepala lililonse la kafukufuku limatha ndi mndandanda wa mapepala ena amene wolembayo watsamirapo. Dzina la pepala lanu likapezeka pa mndandanda wa wina, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Eugene Garfield wa ku Philadelphia ndiye adayamba kuwerenga zimenezi mwadongosolo pamene adatulutsa Science Citation Index mu 1964, ndipo lero ntchitoyi imachitika ndi nkhokwe za pa intaneti monga Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi, adapereka njira yofupikitsira zonse kukhala nambala imodzi, h-index. Wofufuza amene h-index yake ndi 40 ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 40. Nkhokwe zitatuzi siziwerenga magazini ofanana, choncho munthu mmodzi amakhala ndi manambala atatu osiyana, ndipo nambala yoperekedwa popanda kunena kumene yachokera ndi tsiku limene idatengedwa siyenera kudaliridwa.

Kodi kuwerenga koteroku kumaonetsa chiyani pa ntchito ya a Nussenzweig, ndipo kumaphonya chiyani?

Chimene kumaonetsa bwino ndi utali wa moyo wa pepala la 1967. Mapepala ambiri a sayansi amatchulidwa kwa zaka zingapo kenako n'kuzirala, koma ili limapezekabe m'ndime zoyambirira za zolemba zatsopano za katemera wa malungo, patapita zaka zoposa 50. Wina akadaliweruza ndi muyezo wotchuka wa magazini, impact factor, umene umangoyang'ana zaka ziwiri zoyambirira, sakadaona chilichonse cha zimenezi, chifukwa nthawi imeneyo anthu ofufuza katemera wa malungo padziko lonse anali ochepa kwambiri, ndipo pepala silingatchulidwe ndi anthu amene kulibe.

Zophonyedwa ndiye ndi zambiri. Ntchito ya GV idateteza odwala oikidwa magazi kwa zaka makumi angapo, koma idalembedwa m'Chipwitikizi, m'magazini ya m'dziko, zaka 11 Science Citation Index isanayambe, pansi pa dzina la kwawo kwa a Ruth. Amene ankaigwiritsa ntchito anali ogwira ntchito m'malo osungira magazi, anthu amene salemba mapepala a kafukufuku. Namwino wobaya mwana katemera ku sikelo nayenso satchula aliyense.

Palinso zotulukira zimene zimalowerera kwambiri m'ntchito ya tsiku ndi tsiku mpaka mwini wake amaiwalika, monga mchere umasowera m'ndiwo ngakhale aliyense akuumva. Mu 1982 Fidel Zavala ndi anzake a m'gulu la ku New York adaonetsa kuti ma antibody omata CSP angathe kugwiritsidwa ntchito pozindikira udzudzu wonyamula malungo popanda kuudula umodziumodzi. Njira yoyezera imene idakula kuchokera pamenepo ndiyo ikugwiritsidwa ntchito ndi akatswiri a udzudzu mu Africa monse pofuna kudziwa kuti pa udzudzu wogwidwa m'nyumba za m'mudzi, ndi ungati umene ungapatsire munthu matenda. Ambiri mwa iwo amatchula buku la malangizo a m'labotale kapena pepala laposachedwa, osati chiyambi chake.

Komanso kutchulidwa sikusiyanitsa kupambana ndi kulephera. Mapepala a 1987 a akatemera amene adateteza munthu mmodzimmodzi aja amatchulidwa kawirikawiri, ndithu moyenera, koma ngati chitsanzo cha njira imene sidakwanire. Ndipo kukula kwa nambala kumatsata kukula kwa gulu la olemba: ofufuza khansa ndi ochuluka kuposa ofufuza tizilombo ta m'maiko otentha, kotero kuyerekeza h-index ya anthu a magulu awiriwa n'kulakwitsa. Magazini ya Nature itaunika mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri mu 2014, loyamba linali la Oliver Lowry la 1951, lofotokoza kayezedwe ka kuchuluka kwa mapuloteni, lomwe lidatchulidwa koposa ka 300,000, pamene pepala la Watson ndi Crick la maonekedwe a DNA silidalowe n'komwe pa mndandandawo. Tu Youyou wa ku China, amene ntchito yake idabala artemisinin, gwero la mankhwala a LA amene timamwa lero, ndi chitsanzo china: zolemba zoyambirira za mankhwalawo zidatuluka m'dzina la gulu, popanda dzina lake.

Kodi ndingazipeze bwanji zolemba zawo popanda kusokoneza ndi za ena?

Chenjezo ndi loti dzina la Nussenzweig lili ndi eni ake anayi m'sayansi ya zamoyo. Kupatula a Ruth ndi a Victor, ana awo awiri ndi ofufuza odziwika: Michel Nussenzweig wa ku Rockefeller University, amene amafufuza maselo opanga ma antibody kuphatikizapo olimbana ndi HIV, ndi André Nussenzweig, amene adadziwika ku National Cancer Institute pofufuza mmene maselo amakonzera DNA yowonongeka. Mukalemba dzina la banja lokha pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku wa zachipatala, mupeza zonse zitasakanikirana. Lembani Nussenzweig RS kuti mupeze za a Ruth. Muyeneranso kudziwa kuti m'sayansi ya zachipatala dzina loyamba pa pepala kawirikawiri limakhala la amene adagwira ntchito ndi manja, ndipo lomaliza la mtsogoleri wa labotale. Mapepala ambiri ofunika a gulu lawo amadziwika ndi maina a anthu amene iwo adawaphunzitsa kapena kugwira nawo ntchito, monga Yoshida, Zavala, Elizabeth Nardin ndi Moriya Tsuji.

Kodi adalandira ulemu wotani?

Pamodzi ndi amuna awo adalandira mphoto ya Carlos J. Finlay ya bungwe la UNESCO mu 1985. Mu 2008 adalandira mendulo ya golide ya Albert B. Sabin, mu 2013 adasankhidwa kulowa mu National Academy of Sciences ya ku America, ndipo mu 2015 iwo, a Victor ndi Tu Youyou adagawana mphoto ya Warren Alpert. Mphoto ya Nobel ya chaka chomwecho idapita kwa Tu Youyou, William Campbell ndi Satoshi Ōmura chifukwa cha mankhwala, osati katemera.

Ndiye kodi manambala a kutchulidwa angotayidwa?

Kuwataya kungakhale kupitirira muyezo. Amathandiza kuona ngati ntchito ikuwerengedwa, amathandiza wophunzira kupeza mapepala oyambira pa mutu watsopano, ndipo nthawi zina amateteza wofufuza wachinyamata kwa akuluakulu okondera, popeza nambala siyang'ana nkhope. Choipa chimayamba pamene komiti yokweza anthu pantchito kapena yogawa ndalama za kafukufuku yasiya kuwerenga mapepala enieniwo. Ndi nkhawa imeneyi imene idachititsa kuti mu 2012 akonzi a magazini ndi asayansi alembe chikalata cha ku San Francisco chodziwika kuti DORA, chopempha kuti munthu asaweruzidwe ndi impact factor ya magazini imene wasindikizamo. M'maganizo anga, funso lothandiza pa wofufuza ngati a Nussenzweig ndi loti ndi ntchito ziti za ena zimene sizikadatheka popanda yake, ndipo yankho lake limapezeka powerenga zimene otchulawo adalemba pomutchula.

Kodi n'chiyani chimene sichinathekebe pa ntchito imene adayambitsa?

Chitetezo chimene mbewa za 1967 ndi odzipereka a Clyde adapeza sichinafikiridwebe ndi katemera aliyense amene angaperekedwe kwa ana mamiliyoni. RTS,S amachepetsa malungo ndi kupitirira theka m'chaka choyamba, kenako mphamvu yake imatsika ma antibody akamachepa m'magazi, n'chifukwa chake ulendo wachinayi uli wofunika ndipo masikito sanachoke pa ndondomeko. Katemera wachiwiri, R21, amene adapangidwa ku University of Oxford ndipo amatulutsidwa ndi Serum Institute of India, adavomerezedwa ndi WHO mu Okutobala 2023. Nayenso amachokera pa CSP, koma ali ndi chigawo chachikulu cha puloteniyo pa kambulu kalikonse, ndipo m'madera amene malungo amabwera ndi nyengo adachepetsa matenda ndi pafupifupi 75 pa 100 alionse m'chaka choyamba.

Ofufuza ena abwerera ku kachilombo kathunthu, koma m'malo mwa X-ray akuchotsa zidutswa za DNA kuti kachilomboko kakule m'chiwindi kwa masiku angapo n'kuima katatsala pang'ono kutuluka. Mu 2024 gulu la ku Leiden ndi Nijmegen m'dziko la Netherlands lidanena kuti anthu 8 mwa 9 adatetezedwa ndi njira imeneyi. Enanso akubaya ma antibody opangidwa kale omata CSP, maganizo amene adayesedwa pa mbewa mu 1980. Ku Mali, antibody yotchedwa CIS43LS idateteza akuluakulu ndi 88 pa 100 alionse kwa miyezi 6, ndipo ina yotchedwa L9LS, yobayidwa pansi pa khungu, idachepetsa malungo ndi 77 pa 100 alionse mwa ana a zaka 6 mpaka 10. Ma antibody oterewa amatha m'thupi pakapita miyezi, kotero ayenera kubayidwa nyengo ya malungo iliyonse, ndipo kuti afike m'zipatala za kumidzi zidalira ngati opanga angatsitse mtengo wake kufika pamene maunduna a zaumoyo a mu Africa angakwanitse.